Kusankha vinyo wofiira wabwino pa mtengo wofikirika

Mtengo wolembedwa pa botolo la vinyo wofiira sufotokoza zonse za ubwino wa chimene chili m'katimo. Gawo lina la ndalama zimene mumapereka limapita ku botolo lenilenilo, chitsekerero, pepala lomatidwa pamimba pake, katoni, mayendedwe, misonkho ndi phindu la aliyense amene waligwirako panjira. Gawo lina limalipira dzina, kaya la dera limene mphesazo zidalimidwa kaya la kampani imene imalowetsa ndalama zambiri pa kutsatsa malonda. Chotsalacho ndicho chimagula mphesa ndi ntchito ya wopanga vinyoyo, ndipo aliyense wofuna vinyo wabwino pa mtengo wapakatikati ayenera kuphunzira kupeza mabotolo amene gawo lomalizali ndi lalikulu.

Choyamba kuchita ndi kulidumpha botolo lotchipitsitsa pa shelefu. Ndalama zopangira botolo, zolilongedza ndi zolinyamula pa lole zimakhala pafupifupi zofanana, kaya vinyoyo ndi wapamwamba kaya ndi wachabechabe. Misonkho inanso siyang'ana ubwino: ku South Africa msonkho wa vinyo umawerengedwa pa lita iliyonse, pomwe ku Britain umatengera kuchuluka kwa mowa umene uli m'botolomo. Motero m'botolo lotchipitsitsa, zimene zatsalira mphesa zimakhala zochepa kwambiri, ndipo wopanga amakakamizika kugula mphesa zochokera m'minda yobereketsa mopitirira muyeso, zimene madzi ake amakhala osalemera. Mukangowonjezera ndalama pang'ono, gawo lalikulu la zowonjezerazo limalowa mu vinyo mwenimweni, n'chifukwa chake kusiyana kwa botolo la pansi penipeni ndi lotsatana nalo kumamveka msanga pa lilime.

Kumtunda kwa shelefu nkhani imatembenuka. Pamenepo mumayamba kulipira kusowa kwa vinyoyo, kudula kwa malo olimapo ndi mbiri yakale. Minda yotchuka ya ku Bordeaux, m'dziko la France, idaikidwa m'magulu m'chaka cha 1855, ndipo mpaka lero ndondomeko imeneyo ikadali ndi mphamvu pa mitengo yake. Vinyo wa m'minda yotere ndi wabwino ndithu, koma botolo lodula kakhumi silikoma kakhumi, ndipo ambiri mwa mabotolo amenewa amapangidwa kuti ayambe akhala zaka zambiri m'chipinda chozizira asanatsekulidwe.

Kutchula mitengo m'makwacha sikungathandize kwa nthawi yaitali, poti vinyo wa mphesa wogulitsidwa m'masitolo a ku Malawi amaitanitsidwa kunja, ndipo kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira mu Novembala 2023 pamene idatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo yonse ya pa shelefu imasintha. Njira yodalirika ndi kuyerekeza mabotolo a m'sitolo imodzi. Onani mtengo wa botolo la 750 ml lotchipitsitsa, kenaka mufufuze pakati pa mabotolo amene mtengo wake ukuposa pamenepo ndi theka kufikira amene akudula kawiri kapena katatu. Kwa ine, m'pamene pamakhala phindu lenileni la ndalama zanu, kaya muli ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Leeds.

Yambani ndi vinyo wa ku South Africa

Kwa amene akugula ali kum'mwera kwa Africa, dziko loyamba kuliganizira ndi South Africa, chifukwa vinyo wake sawoloka nyanja ndipo ndi amene amadzaza mashelefu athu. Ulimi wa mpesa kumeneko ndi wakale: vinyo woyamba adafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo munda wa Constantia udatsekulidwa ndi Simon van der Stel mu 1685. Ngakhale zili choncho, mitengo ya vinyo wa kumeneko sidakwere kufika pa ya ku France kapena ku California, ndipo ogula ndiwo amapindula.

Njira yachidule yopezera vinyo wabwino ndi kufunafuna botolo lachiwiri la munda wotchuka. Minda ikuluikulu imasankha migolo yabwino koposa kuti ilowe m'botolo lonyamula mbiri ya mundawo, koma mphesa za mipesa yaing'ono ndi migolo yotsala sizitayidwa. Zimalowa m'botolo lina la mtengo wotsikirapo, lopangidwa ndi anthu omwewo, ndipo nthawi zina zimasakanizidwa ndi mphesa zogula kwa alimi oyandikana nawo. Munda wa Kanonkop wa ku Stellenbosch umadziwika ndi vinyo wodula wotchedwa Paul Sauer, koma uli ndi Kadette, amene ndi wofikirika ndipo amapereka chithunzi chabwino cha luso la pamalopo. Meerlust ali ndi Rubicon pamwamba ndi Meerlust Red pansi pake. Boekenhoutskloof wa ku Franschhoek amapanga The Wolftrap ndi Porcupine Ridge, Fairview wa ku Paarl amapanga Goats do Roam, pomwe A.A. Badenhorst wa ku Swartland ali ndi Secateurs. Mukapeza limodzi mwa mabotolo amenewa pa mtengo wapakatikati, simungalakwitse kwenikweni.

Palinso maina akale amene achinyamata amawanyoza chifukwa adawaona pa tebulo la agogo awo, chikhalirecho ndi vinyo wosakaniza wopangidwa mosamala. Chateau Libertas wakhala pamsika kuyambira 1932, Roodeberg wa kampani ya KWV kuyambira 1949, ndipo Alto Rouge nayenso ndi wakalekale. Onsewa ndi vinyo wosatsekemera, woyenera chakudya cha nyama, ndipo popeza amapangidwa wambiri, kakomedwe kake sikasinthasintha kwambiri chaka ndi chaka.

Dera nalonso limasintha mtengo. Dzina la Stellenbosch pa botolo limawonjezera ndalama, pomwe Robertson, Worcester, Breedekloof, Wellington ndi Swartland kawirikawiri amatchipirapo. Vinyo wa mphesa za mtundu wa Cabernet Sauvignon kapena Shiraz wa ku Robertson, monga wa munda wa Excelsior, sadzakhala wozama ngati wa m'mapiri a Simonsberg ku Stellenbosch, koma pa chakudya cha Lamulungu masana amakwanira bwinobwino.

Pa mitundu ya mphesa, pali iwiri yoyenera kuifotokoza mwapadera. Pinotage ndi mbewu ya ku South Africa yeniyeni: Abraham Izak Perold wa pa Stellenbosch University adaipanga m'zaka za m'ma 1920 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo botolo loyamba lolembedwa dzina limeneli lidatuluka mu 1961 pansi pa dzina la Lanzerac. Pinotage wopangidwa bwino, monga wa Beyerskloof, amakhala ndi kakomedwe ka zipatso zakuda zakupsa ndi kafungo ka utsi. Wopangidwa mosasamala amanunkha mphira wopserera kapena penti, ndiye pa mtundu uwu musagule dzina limene simukulidziwa chifukwa chongoti latchipa. Mudzaonanso Pinotage wolembedwa kuti ali ndi fungo la khofi kapena chokoleti. Mulibe khofi m'menemo. Fungolo limachokera ku matabwa a mtengo wa oki owambidwa pamoto amene amaviikidwa mu vinyo akamawira. Ena amamukonda kwambiri, koma ine ndimaona kuti tambula yachiwiri imakola.

Mtundu wachiwiri ndi Cinsaut, amene ena amalemba Cinsault. Kale ndiye adali mphesa zofiira zolimidwa kwambiri ku Cape, ndipo ankangomuona ngati wodzazira migolo. Lero opanga ambiri abwerera ku minda yake yakale, ndipo akutulutsa vinyo wopepuka, wofiira mowala, amene amakoma akaziziritsidwa pang'ono. M'dziko lotentha, vinyo wotere ndi wanzeru kuposa Cabernet wolemera. Ngati botolo lili ndi chidindo cha Certified Heritage Vineyards, ndiye kuti mipesa yake ili ndi zaka 35 kapena kuposerapo, ndipo mipesa yokalamba imabereka pang'ono koma madzi ake amakhala olemera.

Zimene pepala la pabotolo likunena, ndi zimene silikunena

Pa khosi la botolo la ku South Africa pamakhala kachidindo ka manambala, kosonyeza kuti vinyoyo adayesedwa ndi kuvomerezedwa pansi pa ndondomeko ya Wine of Origin, imene idayamba mu 1973. Malamulo ake ndi osavuta kuwakumbukira. Dera likatchulidwa, mphesa zonse ziyenera kuchokera m'dera limenelo. Mtundu wa mphesa ukatchulidwa, 85 peresenti kapena kuposerapo iyenera kukhala ya mtundu umenewo, ndipo chimodzimodzinso ndi chaka. Dera likamachepa, wopanga amakhala kuti akudziwa bwino kumene mphesa zake zachokera: Western Cape ndi chigawo chachikulu kwambiri, Coastal Region ndi chocheperapo, Stellenbosch ndi chocheperanso, ndipo Simonsberg-Stellenbosch ndi kadera kakang'ono. Izi sizitanthauza kuti wolembedwa Western Cape ndi woipa, poti opanga aluso amasakaniza mphesa za madera angapo mwadala, koma mabotolo awiri akafanana mtengo ndipo onse ndi achilendo kwa inu, tengani lotchula dera laling'ono.

Mawu akuti Reserve, Private Collection kapena Winemaker's Selection pa botolo la ku South Africa sakulonjezani chilichonse chimene lamulo lingakakamize, ndipo Reserva wa ku Chile nayenso satsatira malamulo okhwima a zaka zosungira vinyo. Ku Rioja, m'dziko la Spain, n'kosiyana. Vinyo wofiira wolembedwa Crianza ayenera kusungidwa zaka 2, chimodzi mwa izo mu mgolo wa oki. Reserva zaka 3, chimodzi mu mgolo. Gran Reserva zaka 5, ziwiri mu mgolo. Apa ndiye kuti wopanga wakusungirani vinyoyo ndi ndalama zake, ndipo Crianza wa nyumba yodziwika ndi mmodzi mwa vinyo opindulitsa kugula.

Kulemera kwa botolo, dzenje lakuya la pansi pake, zilembo zagolide ndi sera pa chitsekerero zisakukopeni, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Botolo lolemera limangowonjezera ndalama za galasi ndi za mayendedwe. Timapepala tozungulira ta mendulo natonso tiyenera kuwerengedwa mosamala: mipikisano ina imapereka mendulo kwa mabotolo ochuluka zedi, ndipo nthawi zina kapepalako kamangonena za chaka chimene kampani idakhazikitsidwa. Mendulo ya golide ya mpikisano wodziwika monga Veritas ili ndi tanthauzo, koma onetsetsani kuti idaperekedwa kwa vinyo wa chaka chomwecho chimene mwagwira m'manja.

Chitsekerero chopotokola chachitsulo si chizindikiro cha vinyo wotsika. Opanga ambiri a ku Australia, New Zealand ndi South Africa adachisankha dala chifukwa sichiwononga vinyo monga zimachitikira nthawi zina ndi chitsekerero cha khungwa, ndipo botolo lake likhoza kusungidwa chilili.

Za chaka, kumbukirani kuti kum'mwera kwa dziko lapansi mphesa zimakololedwa pakati pa Januwale ndi Epulo, pomwe ku Ulaya amakolola pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Vinyo wa mtengo wapakatikati amapangidwa kuti amwedwe akadali wamng'ono, m'zaka 2 mpaka 5 chikololere mphesa. Botolo lotchipa la zaka 10 limene lachita fumbi pa shelefu silinakhwime, langokalamba, ndipo kawirikawiri kukoma kwa zipatso kumakhala kutatha.

Pomaliza pa pepalali, onani ngati vinyoyo ndi wotsekemera. Ku South Africa vinyo wolembedwa Dry kawirikawiri sapitirira magalamu 5 a shuga pa lita, pomwe Natural Sweet amaposa magalamu 20. Anthu ambiri kwathu kuno adayambira pa vinyo wofiira wotsekemera, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti shuga amabisa zofooka za mphesa, ndiye kulipira ndalama zambiri pa vinyo wotsekemera wamba sikubweretsa phindu lalikulu. Amene akufuna kusamukira ku wosatsekemera asayambe ndi Cabernet Sauvignon wamng'ono, amene amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Kuumitsako kumachokera ku tanini, amene amapezeka m'makoko ndi m'njere za mphesa. Merlot, Malbec, Primitivo kapena Shiraz wa dera lotentha amakhala ofewa ndipo amamveka ngati otsekemera ngakhale shuga mulibe.

Maiko ena amene ndalama zanu zingagwire ntchito

Lamulo lake ndi lomwe lija: pewani dzina limene aliyense akulithamangira, mugule kwa woyandikana naye.

Dziko la Chile lili ndi nyengo youma, madzi ochokera m'mapiri a Andes ndi minda ikuluikulu, ndipo kachilombo ka phylloxera, kamene kadasakaza minda ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, sikadafikeko. Cabernet Sauvignon wa ku Maipo ndi Colchagua ndi wodalirika, ndipo Casillero del Diablo wa kampani ya Concha y Toro amapezeka m'maiko ambiri. Yesaninso Carménère, mphesa za ku Bordeaux zimene alimi a ku Chile ankazilima poganiza kuti ndi Merlot kufikira mu 1994, pamene katswiri wa ku France, Jean-Michel Boursiquot, adazizindikira. Zikapsa bwino zimapereka vinyo wofewa wa kafungo ka tsabola, koma zikakololedwa msanga zimanunkha masamba aawisi, ndiye pa mtundu umenewu onjezerani ndalama pang'ono.

Ku Argentina, Malbec adafika m'zaka za m'ma 1850 kudzera mwa Michel Aimé Pouget, ndipo adakhazikika ku Mendoza, kumene minda yambiri ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo. Dzuwa la masana limapsetsa mphesa, kuzizira kwa usiku kumasunga kuwawasa kwake, ndipo zotsatira zake ndi vinyo wakuda, wofewa, wogwirizana ndi nyama yootcha. Alamos, Trapiche, Trivento ndi Norton ndi maina opezeka mosavuta. Popeza Malbec watchuka ndipo mtengo wake wakwerako, Bonarda wa m'minda yomweyo nthawi zambiri amatchipirapo.

Dziko limene ndimaliona kuti anthu salipatsa ulemu wokwanira ndi Portugal. Vinyo wake wofiira kawirikawiri amakhala wosakaniza mphesa zakomweko monga Touriga Nacional, Tinta Roriz ndi Trincadeira, maina amene ogula ambiri sawadziwa, ndipo kusadziwika kumeneko n'kumene kumatsitsa mtengo. Chigwa cha Douro, chimene malire ake adakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1756, chimapereka vinyo wamphamvu; Dão ndi wopepukirapo; Alentejo ndi Lisboa ndi ofewa, osavuta kumwa. Amene amakhala ku Tete, ku Angónia kapena amene amawoloka malire kupita ku Mozambique ali ndi mwayi, poti chifukwa cha mbiri ya dzikolo vinyo wa ku Portugal amapezeka m'masitolo ake kuposa m'maiko oyandikana nalo.

Ku Spain, kupatula Rioja, funani Garnacha wa ku Campo de Borja, Calatayud kapena Cariñena, ndi Monastrell wa ku Jumilla, kumene mipesa yakale ya m'malo ouma imapereka vinyo wolemera pa mtengo wotsika. Ku Italy, Barolo ndi Brunello asiyireni a matumba akuya, inu mutenge Montepulciano d'Abruzzo, Barbera, Nero d'Avola wa ku Sicily kapena Primitivo wa ku Puglia. Ku France, Côtes du Rhône wa nyumba yodziwika monga Guigal, vinyo wa ku Ventoux ndi ku Languedoc, komanso Beaujolais-Villages, amaposa Bordeaux kapena Burgundy wa mtengo wofanana nawo. Pinot Noir wotchipa, wa dziko lililonse, ndiye amakhumudwitsa kawirikawiri, chifukwa mbewuyo ndi yovuta kulima ndipo sibereka zambiri. Vinyo wa ku Ulayayu ndi wofikirika kwa okhala ku Britain. Kwa okhala ku Malawi kapena ku Zambia, mayendedwe ndi misonkho zikhoza kumufikitsa pa mtengo umene botolo labwino kwambiri la ku Stellenbosch lingagulidwe, ndipo zikatero palibe chifukwa chosiyira la ku Stellenbosch.

Liyang'aneni botolo musanalipire

M'maiko otentha, kasungidwe ka botolo kamaposa dzina lolembedwa pa pepala. Katundu wambiri wochokera ku South Africa amabwera pa malole kudzera ku Beitbridge, kudutsa Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete n'kulowera ku Mwanza, ndipo lole ikaima masiku angapo pachipata mu Okutobala, vinyo amatentha m'makatoni momwemo. Vinyo wotenthedwa amafufuma, amakankha chitsekerero, mpweya umalowa, ndipo kakomedwe kake kamasanduka ka zipatso zophikidwa.

Choncho nyamulani botolo, muyendetse chala pamwamba pa chitsekerero cha khungwa. Chiyenera kukhala chofanana ndi mlomo wa botolo kapena cholowa pang'ono. Ngati chatukumuka, libwezeni pa shelefu. Yang'anani pansi pa chokutira cha pakhosi ngati pali mzere wouma wa vinyo kapena pomata m'manja, ndiponso ngati pepala lathimbirira ndi madontho ofiira. Liimikeni poyera, muone pamene vinyo walekezera: m'botolo la zaka zochepa ayenera kufika m'khosi, ndipo akatsikira m'mapewa ndiye kuti wina adatuluka. Pa chitsekerero chachitsulo, onani ngati sichidaphwanyike m'mbali, chifukwa chikabunyuka chimalowetsa mpweya. Musatenge botolo la pawindo, la pafupi ndi babu lotentha kapena la pamwamba penipeni pa shelefu m'sitolo ya malata yopanda siling'i. Sitolo imene vinyo amayenda msanga ndi yabwino kuposa imene ili ndi mabotolo ambiri osagulidwa.

Mukagula, musalisiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa pamene mukupitiriza zina m'tauni. Kunyumba, lisungeni pansi m'kabati ya m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi khitchini, ndipo la chitsekerero cha khungwa ligonekeni kuti khungwalo lisaume. Popanda chipinda chozizira, kugula vinyo woti asungidwe zaka n'kutaya ndalama. Gulani woti amwedwe m'miyezi yochepa. Amene mukubwera naye kuchokera kunja, yambani mwafunsa a MRA kapena a kasitomu a dziko lanu kuchuluka kumene kumaloledwa popanda msonkho.

Mukatsekula, nunkhizani musanathirire alendo. Fungo la katoni yonyowa kapena la chuku limasonyeza kuti chitsekerero chawononga vinyo, pomwe fungo la viniga ndi mtundu wa njerwa pa vinyo wamng'ono zimasonyeza kuti mpweya udalowa. Vinyo wotere sangakudwalitseni, koma sakoma, ndipo mu lesitilanti muli ndi ufulu womubweza. Kulawitsidwa pang'ono kumene kumachitika kumeneko botolo likangotsekulidwa, cholinga chake n'chimenechi.

Kumwa kwake

Malangizo akuti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda adachokera m'nyumba zozizira za ku Ulaya. Kutentha koyenera ndi madigiri 14 mpaka 18, pomwe chipinda cha ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nsanje chimaposa madigiri 30 m'chilimwe. Vinyo akafunda chotero, ukali wa mowa ndiwo umatsogola, umaotcha kukhosi, ndipo fungo la zipatso limabisika. Ikani botolo mu furiji kwa mphindi 30 mpaka 45 musanathire, ndipo Cinsaut, Beaujolais kapena vinyo wina wopepuka akhoza kukhalamo ola lathunthu. Akazizira kwambiri musadandaule, amafunda yekha m'tambula m'mphindi zochepa. Palibe chinthu china chaulere chimene chimakweza vinyo wotchipa kuposa chimenechi.

Vinyo wamng'ono woumitsa m'kamwa amafewa akakumana ndi mpweya. Kungochotsa chitsekerero sikukwanira, poti khosi la botolo ndi lopapatiza. M'khuthulireni mu jagi yagalasi yoyera, adikire theka la ola. Thirani pang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a tambula, kuti pakhale malo ogwedezera ndi kununkhiza.

Pa chakudya, tanini amagwirizana ndi mafuta ndi nyama. Kanyenya wa mbuzi kapena wa ng'ombe amafuna Shiraz, Malbec kapena Pinotage. Nyama ya ng'ombe yophika ndi tomato wambiri, yodyera nsima, imayenda bwino ndi vinyo wowawasirapo monga Barbera, Montepulciano d'Abruzzo kapena Rioja Crianza, chifukwa tomato amafooketsa vinyo wosawawasa. Mang'ina ndi mchira wa ng'ombe amagwirizana ndi Cabernet kapena Douro. Nkhuku ya lokolo ndi nyemba zimakonda Côtes du Rhône, Merlot kapena Cinsaut. Chambo chootcha chikhoza kudyedwa ndi Cinsaut wozizira, koma usipa ndi nsomba zina zouma zimachititsa vinyo wofiira kumveka chitsulo m'kamwa, ndiye pamenepo ndi bwino kumwa zina. Tsabola wa kambuzi amakuza ukali wa mowa, motero ndiwo zikakhala zowawa tsabola, sankhani vinyo wa 12.5 kapena 13 peresenti m'malo mwa wa 14.5.

Nambala ya peresenti imeneyi iwerengedwe ndi chidwi pa chifukwa chinanso. Botolo la 750 ml la 14 peresenti lili ndi mowa weniweni wokwana 105 ml, wofanana ndi mabotolo oposa 6 a mowa wa 330 ml wa 5 peresenti. Popeza vinyo amatsika mosavuta, anthu ambiri sazindikira kuchuluka kumeneku, ndipo woyendetsa galimoto kapena mayi woyembekezera sayenera kumwako.

Pokonza phwando, werengani matambula 5 a 150 ml pa botolo lililonse. Vinyo wa m'katoni wa malita 3 ndi wofanana ndi mabotolo 4, ndipo wa malita 5 amaposa mabotolo 6. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati wa anthu ambiri, katoni ya kampani yodziwika ndi yanzeru kuposa mabotolo otchipitsitsa, chifukwa simukulipira galasi. Thumba la m'katimo limafota vinyo akamatuluka, mpweya sulowa, ndiye katoni yotsekula imatha milungu ingapo ikasungidwa pozizira. Koma katoni si yosunga nthawi yaitali isanatsekulidwe, choncho onani tsiku limene idadzazidwa kapena limene iyenera kukhala itamwedwa. Botolo lotsala litsekeni, muliimike mu furiji, ndipo limwedwe m'masiku 3 mpaka 5. Mukakhuthulira wotsalayo m'kabotolo kakang'ono kodzaza mpaka pakhosi, amakhalitsako.

Musagule katoni ya mabotolo 6 kapena 12 a vinyo amene simunamulawe, ngakhale atatsitsidwa mtengo chotani, pakuti nthawi zina kutsitsako kumakhala kofuna kuchotsa katundu wokhalitsa. Gulani botolo limodzi, mulawe ndi chakudya, mulijambule pa foni kuti dzina, dera ndi chaka zisaiwalike. Likakukomerani, bwererani msanga ku sitolo yomweyo mabotolo a ulendo womwewo asanathe, ndipo mufunse ngati amachotserako mtengo kwa wogula katoni yathunthu. Njira yofulumira yodziwira chimene lilime lanu limakonda ndi kugwirizana ndi anzanu atatu kapena anayi, aliyense abweretse botolo la mtengo wofanana koma la mtundu wosiyana, mabotolowo akutidwe ndi mapepala kuti maina asaoneke, ndipo aliyense anene limene lamukomera maina asanaululidwe.